Nkhope ya Nerina pa Kasupe

Port Ellery, Australia
10 Febuluwale 1957

Wokondedwa mkazi wanga Nerina,

Ndikhulupirira kalata ino ikupeza uli bwino, iwe ndi mwana wathu Ivano ndi bambo ako. Ine ndili bwino, chifuwa chija chinatha. Inu uko mukuotha moto, ife kuno dzuwa likutiwotcha mpaka phula wa mumsewu kumamata ku nsapato. Kumene tikukhala kukadali komwe kuja, anthu anayi chipinda chimodzi, ndipo mayi wa nyumbayi akutidyetsabe nyama ya nkhosa m'mawa ndi madzulo. Tsiku lina ndidzadzuka ndikulira ngati nkhosa.

Ndatumiza mapaundi khumi ndi awiri. Ivano umugulire nsapato zokulirapo, osati zomukwana lero lokha. Denga la khola ulisiye, bulu timugulitsa iwe usananyamuke. Zotsalazo usazikhudze, ndi za ulendo wako wa mu Seputembala. Zaka zisanu zakwana, ndatopa kudya ndi amuna okhaokha.

Tsopano imva nkhani yabwino. Zosakaniza simenti ndasiya, ndabwerera ku mwala. Akuluakulu a tauni ino akufuna kasupe pakati pa paki, wokhala ndi chiboliboli cha Netuno, mulungu wa m'nyanja wa anthu akale uja, ndevu zake ndi mkondo wake wa mano atatu, atanyamula mkazi wake Amfitirite, pansi pawo nsomba zolavula madzi. Mwala wake ndi woyera wa kwathu ku Carrara. Atatsegula mabokosi ndinaikapo dzanja, misozi inalengeza m'maso. Mwala wakwanitsa kufika kuno iwe usanafike.

Mwini ntchito ndi mkulu wina wa konkuno, a Maddock, amene kaliwo sachoka pakamwa pawo. Iwo amaumba ndi dongo, ine ndimayeza n'kusamutsira pa mwala, ndipo wosalaza pomaliza ndi Fulvio. Inde, Fulvio wa m'mudzi mwanu, yemwe uja ankakuimbira akodiyoni tisanakwatirane. Wanenepa, tsitsi likumuthera pamutu, usadandaule kuti unataya kanthu.

Chithunzi chako chija unajambulitsa tili pa chibwenzi ndimachipachika pamwamba pa benchi yanga. Sabata yatha a Maddock anaima patsogolo pake mpaka kaliwo anazima.

"Uyu ndani?"

"Mkazi wanga, bwana."

"Ndasaka nkhope ya Amfitirite tauni yonse ino osaipeza, kani ili m'shedi mwanga momwe. Ndibwereke."

Ndinawabwereka. Ukanandiona kayendedwe kanga tsiku limenelo! Mutu aumba kale ndipo ndiwe ndithu, ngakhale kamlomo kako ka pamwamba kaja kamene kamakwera ukafuna kunditsutsa. Thupi sindinalione, chifukwa dongo amalikulunga ndi ziguduli zonyowa kuti lisaume. Ukapita kochapira uwauze akazi anzako kuti mwamuna wako wakusandutsa mfumukazi ya m'nyanja, tione kuti awowo anawasandutsa chiyani.

Ndine mwamuna wako,
Oreste

17 Malichi 1957

Nerina wanga,

Moni kwa nonse. Kalata yako ndalandira, ndakondwa kuti nsapato zamukomera Ivano ndiponso kuti mwendo wa bambo ako uli bwinoko. Ine m'thupi ndili bwino.

Zimene ndinakuuza kuti ukanene kochapira zija, ngati sunanene, usanene. Ngati unanena, usawonjezere.

Lolemba a Maddock anachotsa ziguduli. Nerina, mkaziyo sanavale. Ine kwathu ndasema angelo a kumanda kuyambira ndili wamng'ono, ndipo mngelo aliyense amavala mkanjo wofika m'akakolo. Ndinkayesa kuti mulungu wamkazi ndi chimodzimodzi. Ine ndinali pomwepo, nyundo ili m'manja. Onyamula miyala anayang'ana dongo, kuyang'ana ine, kenaka onse anapeza chochita panja. Kuseka kwawo ndinakumvera kuseri kwa malata. Fulvio yekha sanatuluke. Anavula chipewa n'kuweramira dongolo.

"Mwadzuka bwanji, alamu? Simukuzizidwa kodi?"

Akanakhala kuti amayi ake sindiwadziwa, nyundo ija ikanagwira ntchito ina. Ndinapita kwa a Maddock ndi Chingerezi changa chothyokathyoka.

"Bwana, mumuveke."

"Ndimuveke chiyani, Oreste? Unamuona ndani akutuluka m'nyanja atavala diresi ya ku tchalitchi?"

"Ndiye sinthani nkhope."

"Akuluakulu a tauni aiona kale, aikonda, avomereza. Ukulira chiyani? Thupili si la mkazi wako, ndaliumba kuchokera m'mutu mwanga."

Iwo ankayesa kuti andikhazika mtima pansi, osadziwa kuti awonjezera moto. Mkazi wanga m'mutu mwawo akufunamo chiyani? Titakangana mpaka nkhomaliro anavomera kansalu ka m'chiuno, kosakwana n'kupukutira mbale komwe.

Chithunzi chako ndawalanda, chili m'thumba la jekete langa ndipo sichitulukanso. Ntchitoyi ndikanaisiya, koma ndi imene ikukugulira malo m'sitima ya pamadzi. Komanso ndikachoka adzaitana wina, munthu wosamudziwa, kudzakusema. Bola akhale manja anga omwe.

Bambo ako usawauze. Mapaundi khumi ali m'njira. Vinyo wa chaka chatha musagulitse wonse, mitengo ikwera ikamatha Isitala.

Mwamuna wako,
Oreste

19 Meyi 1957

Wokondedwa Nerina,

Ndikhulupirira muli bwino nonse. Kuno kwayamba kuzizira. Diso la kumanja linalowa kachibanthu ka mwala, linafiira sabata yathunthu, pano likuona. Ivano umuuze kuti kavalo amene anandijambulira ndamupachika pamutu pa bedi, ngakhale anzanga akuti ndi galu.

Ntchito ikuyenda. Watuluka m'mwala mpaka m'mawondo. Ndikuuze zoona, masiku ena mkwiyo ndimauiwala. Ndikafika m'mawa ena asanabwere ndimakupatsa moni, kukuuza mitengo ya zinthu, kukudandaulira za nyama ya nkhosa, ndipo kwa nthawi yoyamba chikwatiranire sundiyankha. Koma ikakwana nkhomaliro, amuna akwathu onse a tauni ino, ngakhale ogwira ntchito ku doko kutali konse kuja, amadzadyera buledi wawo pakhomo pa shedi yathu. Kale sankabwera. Akuti pano pali mthunzi wabwino. Mthunzi mu Meyi, anthu atavala majuzi!

"Amisiri, alamu aswera bwanji? Tatsegulani pang'ono, tabwera ndi moni wochokera ku doko."

"Kadyereni kwanu, agalu inu."

"Aaa, nanga akadzawaika m'paki mudzawamangira mpanda?"

Ndimakufunditsa lona, a Maddock amachotsa, akuti akufuna kuona m'mene kuwala kukugwera pa mwala.

Ndi Netuno yemwe ndadana naye. Dzanja lake lili m'chiuno mwako, zala zolowa m'mnofu, ndipo zala zimenezo ndasema ndine, chimodzichimodzi, monga mwa muyeso. Ine amene ndatha zaka zonsezi osakugwira ngakhale padzanja. Useke ngati ukufuna, koma ndikamuyang'ana nkhalamba ya ndevuyo mtima umandiwawa.

Tsono pali ina. Mbali imene ndamaliza, Fulvio wayamba kusalaza. Ukudziwa m'mene amachitira osalaza: mchenga, madzi, mwala wokwechera, kenaka chikhatho chenicheni kumvera ngati pasalala. Tsiku lonse manja ake ali pamsana pako, mwini wake akuimba mluzu. Ndinapempha kuti ndisalaze ndekha, a Maddock anakana, akuti wosema aseme, wosalaza asalaze.

Lachitatu Fulvio anaima, chala chili pansi pa phewa lako la kumanzere.

"Apa mwaphonya, amisiri."

"Ndaphonya chiyani? Tenga muyeso uyeze wekha."

"Chipsera chija, chokhota ngati mwezi wongooneka kumene. Nerina weniweni ali nacho apa."

Ananena akuseka n'kupitiriza kukwecha. Ine tsiku limenelo chakudya sichinalowe.

Chipsera chimenecho ine ndinachiona titakwatirana kale. Pamenepo diresi imaphimba nthawi zonse. Sindikukunamizira kanthu, ndikungofunsa monga mwamuna wako: Fulvio anachiona liti, ndipo munali kuti? Undiyankhe zoona zokhazokha, ndipirira.

Ndatumiza mapaundi asanu ndi atatu. Achepa chifukwa ndagula bulangeti.

Oreste

23 Juni 1957

Nerina,

Ndili moyo, ngati ukufuna kudziwa. Ndikhulupirira nanunso muli moyo, poti palibe amene akundiuza.

Aliyense m'nyumba muno walandira kalata mwezi uno kupatula ine. Fulvio, amene timagona naye chipinda chimodzi, walandira ziwiri. Akuti zonse n'za amayi ake. Amayi akewo ayamba liti kukonda kulemba chonchi? Envulopu imodzi inali patebulo, sindinaikhudze, ndinangoyang'ana kalembedwe. Si kako, koma munthu akhoza kulembetsa mnzake.

Funso langa linali limodzi lokha. Munthu wopanda chobisa akanayankha tsiku lomwelo.

Dzanja langa la kumanja latupa pang'ono, n'chifukwa chake zilembo zikupendama. Si nkhani yaikulu. Ukamva kuchokera kwa amayi a Fulvio kuti mwana wawo watupa mlomo, usafunse zambiri, masitepe a nyumba ino ndi oterera. Mayi wa nyumba watisiyanitsa zipinda.

A ofesi ya sitima akufuna dzina lako ndi la mwana Julayi asanathe. Kodi za pasipoti wayambapo? Ndalama ndatumiza monga mwa nthawi zonse. Ine sindinasinthe.

Mwamuna wako mpaka pano,
Oreste

21 Julayi 1957

Wokondedwa Nerina,

Kalata yako yafika, yaifupi ngati risiti ya m'sitolo. Ndathokoza kumva kuti Ivano ali bwino. Za thanzi lako sunalembe. Ine dzanja linaphwa.

Chabwino, ndamva. Unagwera pa chikwakwa uli kamtsikana, nthawi yodula udzu, mudzi wonse ukuona, ndipo anakumanga balalo ndi amayi a Fulvio, Fulvioyo atagwira beseni. Ine ndinakulira kuseri kwa phiri, ndikanadziwa bwanji? Komabe munthu wamkulu kukumbukira chipsera cha mwana zaka zonsezi, mpaka mbali yake ndi kukhota kwake, zimenezonso zili ndi nkhani yake. Basi, ndaisiya.

Zinazo ndi zimene zandilasa. Ukuti amayi a Fulvio afalitsa nkhani ya chiboliboli, kochapira akukutcha mkazi wa nsomba, ansembe polalika za ulemu wa akazi ankayang'ana benchi yako, ndipo bambo ako alumbira kuti mwana wawo sapita ku dziko limene amuimika wamaliseche pa msewu. Iwenso ukuti sukudziwa ngati ukufuna kubwera.

Uwauze bambo kuti nkhaniyo yatha. Lamlungu lapitali, anzanga onse atapita ku Misa, ndinatsegula shedi n'kutenga tchizulo changa chaching'ono. Pa mwala sungawonjezere kanthu, ungathe kuchotsa basi. Ndiye ndinachotsa. Masaya ndinawaphwetsa, milomo ndinaichepetsa, maso ndinawalowetsa m'kati, n'kudula mizere iwiri kuchokera pamphuno kutsikira kukamwa. Pamene belu lotulukira m'tchalitchi linkalira, sanalinso iwe. Ndi mayi wina wotopa amene palibe akumudziwa.

Lolemba a Maddock atalowa, kaliwo anagwa pansi n'kuthyoka. Anatukwana mawu amene sindinawaphunzirebe. Kenaka anakhala pa bokosi kumuyang'ana mkaziyo mpaka masana.

"Wamuwonjezera zaka khumi m'mawa umodzi," anatero pomaliza. "Mwala wina palibe, nthawi palibe. Akhala choncho. Koma iwe chiboliboli changa sudzachikhudzanso."

Pano ndikudula masitepe ndi miyala ya m'mphepete mwa dziwe, ntchito ya ophunzira. Malipiro atsika, ndiye mwezi uno ulandira mapaundi asanu ndi limodzi. Fulvio, amene tsopano ayenera kusalazanso nkhope yonse, anaiyang'ana n'kupukusa mutu.

"Oreste, mlamu wakulakwira chiyani kuti umuphe ndi njala chonchi?"

Mluzu uja wasiya, ndipo zimenezo zandikwanira.

Tsopano palibe amene adzakuone pa msewu. Ndachita mbali yanga, iwe uchite yako.

Ndine mwamuna wako,
Oreste

18 Ogasiti 1957

Nerina wanga,

Moni kwa iwe, kwa Ivano ndi kwa bambo ako. Ndili bwino, msana wokha ukudandaula chifukwa cha masitepe aja.

Kasupe amutsegulira dzulo. Kunali bandi, ameya atavala tcheni chawo, ana asukulu ndi timbendera. Atachotsa nsalu madzi anatumphuka m'kamwa mwa nsomba zija, anthu anaomba m'manja. Dzina la a Maddock lili pa kachitsulo, lathu palibe, monga mwa masiku onse. Mayi wina wa kuno amene anaima pafupi nane anauza mnzake kuti mkaziyo akuoneka ngati sakufuna kumene akumutengerako.

Akwathu aja anabwera, anayang'ana kamodzi, n'kupita kukamwa mowa. Palibenso wonena za alamu. Ndi zimene ndinkafuna, ndiye sindikudziwa chifukwa chake ndinachoka msanga, bandi ikuimbabe. M'shedi muja tsopano muli fumbi ndi zibanthu zokha. Kale ndinali ndi wolankhula naye m'mawa.

Bulu wagulitsidwa? Osamupereka pa ngongole. Sitima inyamuka ku doko la Genova pa 20 Seputembala, ndipo malo ako ndi a Ivano ndalipira onse. Sindikufunsa za Fulvio, sindikufunsa za aliyense. Ndikufunsa ngati ukubwera.

Oreste

1 Seputembala 1957

Wokondedwa mkazi wanga,

Ndikhulupirira uli bwino. Ndikufunsa za iweyo, osati za mwana kapena mwendo wa bambo ako. Kalata ino ndikuitumiza pa ndege kuti ikupeze nthawi ikadalipo.

Yako yafika pamodzi ndi kachithunzi kotsala ka pasipoti. Ukuti bambo ako afewa atamva kuti nkhope yasinthidwa, koma si iwo amene ankakugwira mwendo. Ukuti miyezi yonseyi ndakhala ndikukulembera za mtsikana wa pa chithunzi chakale, kumusema, kumufunditsa lona, kumenya anthu chifukwa cha iye, koma sindinafunsepo kuti amene akuchapa zovala za anthu ndi kusenza nkhuni kuchokera kuphiri akuoneka bwanji lero. Ukuti wansanje weniweni ndi iweyo, osati ine, ndipo mkazi mnzako ndi mtsikana wa m'thumba la jekete langa. Ukuti ndikayang'anitsitse kachithunzika chifukwa wotsika m'sitima adzakhala ameneyu, ndipo ngati ndikufuna winayo ndinene msanga, usavutike n'kuwoloka nyanja.

Ndinakayang'anitsitsa. Kenaka nthawi ya nkhomaliro ndinapita nako ku paki, ndinavula nsapato n'kulowa m'dziwe, madzi a nsomba zija akundinyowetsa kumsana, ndipo ndinakaika pafupi ndi nkhope ija. Nerina, masaya omwewo. Maso olowa omwewo. Mizere iwiri ija ili pamalo penipeni pamene ndinaidula. Wosamalira maluwa anandikuwira kuti ndituluke, ndinatuluka n'kukhala pa sitepe imene ndinadula ndekha.

Ndipo ine ndinakulembera kuti ndi mayi wotopa amene palibe akumudziwa. Unawerenga mawu amenewo galasi lili m'nyumba momwemo, osandiuza kanthu. Manyazi amene ndili nawo lero aposa a tsiku limene anachotsa ziguduli.

Ukadzafika tauni yonse idzakuzindikira kuposa kale, ndipo pa mwala uja palibenso chochotsa. Bambo ako asamve zimenezi mpaka sitima itanyamuka. Ndisakunamize, zidzandiwawa. Adzayambiranso za alamu zawo zija, ndipo ine ndidzapsa mtima, ukundidziwa. Adzayang'ane mpaka maso adzatope. Fulvio yekha ndamuuza kale kuti ku doko asadzaonekeko.

Ivano umuveke juzi, panyanja pamazizira. Poto wamkulu uja ubwere naye, akunowa ndi opyapyala.

Kwera sitimayo, Nerina. Pa doko usadzavutike n'kundifunafuna, ndidzayamba ndine kukuona. Nkhope imeneyo sindingaiphonye. Ndinaisema ndine, ya pa kasupe m'mawa umodzi, yakoyo zaka zisanu.

Ndine mwamuna wako,
Oreste